Matayala Amene Ottmar Anasankha

Amene anapha mwamuna wanga ndi Ottmar Leyendecker, mkulu wake wa bere limodzi. Sanagwire mfuti, sanagwire mpeni. Anangomusankhira matayala, n'kumuseka mpaka anawagula.

Ndinalipo. Munali m'khitchini mwanga, ine ndikusenda mbatata, iwo awiri ataweramitsa mitu pafoni. Winfried wanga anali ndi kagalimoto kachikasu ka mipando iwiri, kamene ankathamanga nako kubwalo la mpikisano kuseri kwa mapiri athu a Eifel, masiku amene amatsegulira aliyense. Sabata yonse ankakhoma madenga a anthu, Lamlungu n'kukazungulira kubwaloko. Ngolo yonyamulira galimoto analibe. Matayala amene wathamangira, omwewo ndi amene ankabwerera nawo kunyumba. N'chifukwa chake ankafuna a mizere yakuya, yotaya madzi, poti mvula ya kwathu kuno siodira.

"Amenewo ndi a agogo opita ku Misa," anatero Ottmar. "Tenga awa, Winni. Taona, osalala ngati mutu wa wansembe. Akatentha amamata phula ngati chingamu."

"Akatentha, inde. Nanga kukazizira? Kukagwa mvula?"

"Lamulo likuwalola pamsewu. Kapena lamulo m'nyumba muno ndi Roswitha? Alamu, mum'patse chilolezo mwana wanuyu, akulire limodzi ndi anzake!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Winfried anafiira makutu monga ankachitira kuyambira ali mnyamata, nadina pafoni paja. Anaitanitsa asanu ndi atatu, anayi oika, anayi osunga, poti Ottmar ankati oterewa sachedwa kutha.

Lamlungu lachiwiri la Okutobala kunacha bwino. Madzulo kunazizira, mvula n'kuyamba ali m'njira yobwerera. Pakona ya m'nkhalango, pamene basi ya sukulu imadutsa tsiku ndi tsiku osavutika, kagalimoto kaja kanayandama pamadzi n'kukakumbatira mtengo. Wapolisi amene anabwera pakhomo anandiuza kuti sanathamange mopyola, sanamwe, ndipo matayala anali ovomerezeka. Ovomerezeka! Mawu amenewo ndikanawaika m'bokosi limodzi naye.

Titaika maliro tinasonkhana muholo ya parishi kumwa khofi ndi keke ya pamaliro. Anthu akutafuna, Ottmar anaimirira n'kugogoda kapu ndi supuni. Anali atavala jekete ya kalabu yawo ya othamangitsa galimoto pamwamba pa suti yakuda.

"Lamlungu likubwerali kalabu yonse izungulira bwalo kamodzi pomutsanzika Winni," anatero. "Patsogolo pakhala mwana wake, Silke. Kenaka timusiya athamange momwe bambo ake ankathamangira. Matayala anayi amene anatsala m'garaja ndimumangira ndine."

Anaomba m'manja. Anthu a mano awo, keke ili m'kamwa, kuombera m'manja zimenezo.

Silke ndi mwana wanga mmodzi yekhayo. Ndi wamkulu, namwino kuchipatala cha m'tauni, koma chiwongolero anachigwira ali pamiyendo ya bambo ake. Ali ndi galimoto yake yakale yofiira imene imagona m'garaja mwathu chifukwa kumene akukhala kulibe poimika. Ndinamuyang'ana kuti akane. Anangogwedeza mutu kuvomera, maso ali pambale.

"Alamu," ndinatero, osaimirira, "mwakwirira mmodzi lero. Fosholo isanaume mukufuna wachiwiri?"



"Roswitha, ndi chisoni chikukulankhulitsa," Ottmar anayankha ndi mawu ofewa a pamaliro. "Za galimoto tisiyireni ife."

"Ndinakusiyirani. Ndangobwera kumene kumanda kukaona zimene munachita nazo."

Silke anandikoka mkono. "Amayi, anthu akuona."

"Aone! Anabwerera chiyani, keke?"

Loweruka m'mawa Ottmar anafika ndi jeke ndi bokosi la masipanala. Sanagogode. Ndinamva chitseko cha garaja chikukwera, ndinatuluka ndi epuloni. Silke anali kale momwemo, atavala juzi ya bambo ake. Galimoto yake inali chiphimbire ndi chinsalu chotuwa, ndipo pakona panali matayala anayi aja, osanjikizana, akuda bii, osalala, timizere tiwiri tokha ngati mwana wakanda ndi chikhadabo.

"Mawa akuti kugwa mvula," ndinatero.

"Akuti mwina," anatero Ottmar, akugubuduza limodzi. "Mtsikanayu ali ndi manja abwino kuposa bambo ake. Winni, Mulungu amusunge, ankachita mantha pakona. Tayala ngati ili silifuna wamantha."

Mwamva? Mng'ono wake sanathe sabata m'dothi, iye akuti vuto linali mantha.

"Silke, uwauze bambo ako aakuluwa atuluke."

"Amayi, ndikuzungulira kamodzi kokha. Ndi zimene bambo akanafuna."

"Unawafunsa?"

"Musatero, amayi."

"Ndikubereke ine, ndikulere ine, akakupalule pamtengo ndi anthu a ambulansi anzako omwe? Ukufuna adzagogodenso pakhomo pano kundiuza kuti zinali zovomerezeka?"

"Alamu, lowani m'nyumba mukaphike khofi," anatero Ottmar. "Izi si za m'khitchini."

Pakhoma pa Winfried chida chilichonse chili ndi msomali wake. Ndinatsitsa makina oboolera matabwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikumugwirira makwerero, ndimadziwa podina. Ndinaponda tayala limene Ottmar ankagubuduza, linagwa chammbali, ndinaliboola m'nthiti. Fungo la mphira wopsa linadzaza garaja. Ndinaboolanso pena. Ndinapita pamulu paja, ndinayamba lapamwamba.

"Wapenga mkazi uyu!" Ottmar anakuwa, koma sanayandikire. "Ukudziwa mtengo wake wa zimenezi?"

"Ndikuudziwa. Ndinauperekeza kumanda Lachinayi."

Silke analira mokweza, kulira kumene sanalire ngakhale kutchalitchi. "Chinthu chomaliza chimene bambo anagula ndi manja awo, inu mukuchiboola! Simunafunepo kumva za galimoto zawo, tsiku ndi limodzi lomwe. Ndikupita, ndipo mawa ndikathamanga ngakhale pa matayala anga akutha aja!"

Anagwira chinsalu chija n'kuchikoka mwaukali kuti atulutse galimoto yake. Chinagwa pansi. Anafika pachitseko, kiyi ali m'manja, kenaka anaima.

Galimotoyo sinali pa matayala akutha. Inali pa atsopano, onse anayi, timaubweya ta kufakitale tikadali chiimire. Mizere yake inali yakuya, yopingasa, yambirimbiri. Anali aja a agogo opita ku Misa.

Silke anagwada pasimenti. Analowetsa chala mumzere umodzi, chinamira mpaka pachikhadabo.

"Bambo anga anandipempha kiyi sabata yathayo," anatero motsitsa. "Anati akufuna kusintha oyilo."

Ottmar anayang'ana tayala, anayang'ana khoma. Anatola jeke yake n'kutuluka, bokosi la masipanala kuliiwala. Lili pomwepo mpaka lero, ndipo akalifuna adzagogode.

Lamlungu mvula inagwadi. Silke anatsogolera mzere wa galimoto za kalabu pa matayala amene bambo ake anamuikira, anazungulira kamodzi pang'onopang'ono, nyali zoyaka, n'kubwera kunyumba kudzadya. Ine sindinapite. Ndinakhala pawindo mpaka ndinamva injini yake pageti.

Mukuganiza kuti mtima wanga unagwa? Unawira kuposa kale. Pakuti tsopano ndikudziwa kuti Winfried ankadziwa. Sanapusitsidwe ayi. Anapita yekha kwa ogulitsa matayala, mwakachetechete, mkulu wake osamuuza, nasankhira mwana wake oti amubweretse kunyumba kukagwa mvula. Anagwada pasimenti ija ndi mawondo ake owawa, namanga nati iliyonse, naphimba chinsalu kuti wina asamuseke. Atatero anakwera galimoto yake pa matayala oterera ngati sopo. Munthu wokwera madenga oterera m'chisanu osanjenjemera, anaopa kuseka kwa Ottmar.

M'mudzi muno akuti Roswitha wazungulira mutu, anaboola katundu wa malemu, ananyoza mlamu wake pamaliro. Azimayi kubekale amatsitsa mawu ndikalowa. Anene. Koma inu amene mukuwerenga, makamaka inu abambo amene mumaima mozungulira galimoto manja m'thumba, kumapimana kuti wolimba mtima ndani, ndili ndi funso ndipo sindikufuna pepani. Mwamuna wanga anadziwa choika pansi pa mwana wake. Analephera bwanji kuchiika pansi pa iye mwini, podziwa kuti ine ndikumudikira ndi chakudya patebulo? Kusekedwa ndi mkulu wako kumawawa motani kuti kupose kusiya mkazi wako yekha? Inu mumadziwa. Ndiyankheni.