Chitseko Chopanda Zilembo

Amuna anga, bambo a Chiyamiko, alemba zikwangwani mu Zomba muno zaka makumi awiri. Mukaona dzina la butchala kapena saluni ku Zakazaka zilembo zake zili njo, dziwani kuti ndi dzanja lawo. Sitiroko inawapeza ali pamakwerero kuphiri, akulemba chikwangwani cha loji ina. Anawanyamula ndi anthu ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu.

Anatuluka m'chipatala patatha milungu isanu, dzanja lamanja likunjenjemera, mawu akutuluka limodzilimodzi. Koma chimene chinkandidya mtima si dzanjalo. Munthu uja sankakhazikika. Akhala pakhonde, adzuka, akoka mwendo mpaka kumpanda, ayang'ana phiri, abwerera, adzukanso. Kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala anakaponya padenga. Chakudya ankangochilawa. Ndinkaopa kuti ndiika m'manda munthu amene madokotala anamupulumutsa kale.

Tsiku lina anandipatsa chitini cha maburashi awo.

"Kapatseni Tony."

Tony ndi mnzawo wa ntchito yomweyo, amene iwo ankamuseka kuti zilembo zake zimayenda ngati zachokera ku kachasu.

"Tony? Ine ndili moyo? Mwalemba m'madzi, bambo."

Ndinazula chitseko chakale cha kukhitchini, n'kuchigoneka pamipando iwiri, n'kuchipaka penti woyera. Kenako ndinachita zimene ndakhala ndikuwaona akuchita. Wolemba zikwangwani sayamba ntchito popanda mizere: amapaka choko pachingwe, n'kuchikunga, n'kuchimenyetsa pathabwa kuti chisiye mzere wowongoka. Ndinamenya mizere inayi yokongola, ndikudzitama mumtima kuti mkazi ndi ine.

Anagwira burashi, n'kuyamba chilembo choyamba. Dzanja linalumpha mzere. Anayesanso, linalumphanso. Apo m'pamene ndinazindikira kupusa kwanga: mizere ija sinkawathandiza, inkangowaonetsa pamene afika polephera. Nkhope yawo inachita mdima. Anaviika burashi yaikulu m'chitini cha penti wofiira, n'kuikhwekhwereza pamizere yanga yonse ndi ukali. Kenako wakuda. Kenako anataya burashi n'kupaka ndi chikhatho.

"Malaya atchalitchi amenewo!" ndinakuwa.

Sanandimve. Anasiya dzuwa litabisala kuseri kwa phiri, ndipo tsiku limenelo anamaliza mbale yonse ya nsima.

Kuyambira pamenepo chitseko chija sichinapume. Apaka lero, mawa apala ndi mpeni, mkuja apakanso. Panalibe munthu, panalibe mtengo, ngakhale nkhuku yomwe. Mitundu yokhayokha ikukankhana. Kusakhazikika sikunathe, kungoti tsopano kunali ndi kopita. Mkono unayamba kukwera mpaka paphewa. Ndikafunsa kuti akujambula chiyani, ankangondiyang'ana ngati ndawafunsa msonkho.

Lachinayi lina amayi a Mvano a kuno ku Mtiya anabwera kudzawazonda. Titaimba ndi kupemphera, wapampando wathu Mayi Alufandika, amene sadziwa kubisa mawu, anatembenukira kuchitseko.

"Nanga ichi n'chiyani, abambo? Kapena ndi pomwe mumapukutira maburashi?"

Amayi ena anabisa pakamwa m'zitenje. Manyazi anandigwira, ndipo pakamwa panga panathamanga monga mwa nthawi zonse.

"Ndi zolimbitsa dzanja chabe, amayi. Akachira adzalemba zenizeni."

Bambo a Chiyamiko anadzuka. Ndinadziwa kuti ndawanyoza pagulu. Ndinkati akatenga chitini chija apite nacho okha kwa Tony.

"Ayi," anatero, mawu akulemera. "Zenizeni ndi izi."

Analoza pofiira. "Mutu wanga, tsiku ndinagwa." Analoza potuwa, pamene panatenga theka la chitseko. "Kuchipatala. Ndinkakuonani nonse, maina osawapeza."

Sanayankhulepo mawu ambiri chonchi chichokereni kuchipatala. Mayi Alufandika anayandikira, n'kuloza mzere wachikasu, wonenepa, wokhotakhota, umene unadula chitseko kuchokera mbali ina kufika mbali ina.

"Nanga chonyansa ichi?"

"Ndi amayi a Chiyamiko. Kulongolola."

Amayi onse anafa nacho chiseko. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwayankhe, koma anali asanamalize.

"Ndinkafuna kupita. Phokoso lawo linanditsekera njira."

Ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga tiyi. Ndinaima pafupi ndi mbaula n'kulira kulira kumene sindinalire ngakhale tsiku limene anandiitana kuchipatala. Ndisanapukute n'komwe maso, ndinamva akuitana panja, mokweza, ngati munthu amene ntchito ikumudikira mawa.

"Amayi a Chiyamiko! Wachikasu watha!"