Kapinga wa Malemu

Mayi wa mapasa ankapukuta galasi la thanki ya nsomba pabalaza pomwe anaona kuti kapinga wa m'madzi uja wanyamuka. Timasamba tomwe malemu mwamuna wake anadzala kamodzikamodzi pamchenga wa kutsogolo, mpaka tinayala pansi ponse, tinali titatukuka mbali imodzi ngati mphasa yopindika. Kunsi kwake kunali kwachikasu, mizu ili lendelende.

Zovala za malemu abale anagawana, fungo lake linatha kalekale m'chipinda. Chamoyo chomwe manja aja anasiya chinali kapinga yekhayu, ndipo chichitikireni maliro, mayiyo sanalole munthu kudulapo ngakhale katsamba.

Anaimbira foni mlamu wake, mng'ono wa malemu, yemwe nayenso ankaweta nsomba. Mlamuyo atafika anagwada n'kusuzumira pagalasi nthawi yaitali.

"Alamu, munameta liti kapingayu?"

"Kumeta? Ndidule zomwe anadzala akulu anu?"

"Mwamulera ngati mwana wachisamba, osamukhudza n'komwe. Achimwene ankameta pafupipafupi, inu muli kuntchito. Akachindikala chonchi kuwala sikufika pansi, mizu imaola, kenako yense amayandama."

Mayiyo anazindikira kuti womupha anali iye mwini, ndi chikondi chakecho.

"Afa?" anafunsa.

"Sindikunamizani. Timete mpaka pafupi ndi mchenga, zoola titaye. Mwina aphukanso, mwina ayi. Koma mukamusiya chonchi, ameneyu wapita."

Mlamuyo anatenga sizasi yaitali ya malemu pashelefu n'kuyamba kupinda mkono wa malaya.

"Ayi, alamu. Ndipatseni."

Mayiyo analandira sizasi n'kuviika manja m'madzi. Nsomba zinabalalika kukabisala kuseri kwa miyala. Anaima kaye, akuopa kuti akangodula, basi, sadzaonanso kubiriwira kumeneku.

Anadula. Timasamba tinakwera pamwamba pa madzi, mchenga n'kuyamba kuonekera, mbee.

"Tsikani pang'ono," anatero mlamuyo motsitsa mawu. "Pamenepo padakali poola."

Mayiyo anapukuta misozi ndi phewa, popeza manja onse anali m'madzi, n'kutsitsa sizasi.