Mwala wa pa Manda a Bambo

Chun-bae anamuuza mng'ono wake pafoni, mpaka kuchita kubwereza: "Chun-sik, ubwere utamanga pulopela yakale ija paboti. Kuno kuli katundu, si zosewera."

"Ndamva achimwene, ndamva."

Kumva kwake kumeneko! Boti litakocheza pachilumba m'mawa, Chun-bae anasuzumira kumunsi kwa injini n'kupeza chinthu chonyezimira, cha mapiko opendekeka kwambiri, chomwe Chun-sik ankathamanga nacho akanyamula alendo a m'tauni obwera kudzawedza Loweruka. Pulopela yotereyi ikazungulira kamodzi imaluma madzi ambiri, ndiye boti likapepuka limachita kuuluka. Koma lingolemera, injini imabanika ngati munthu wokwera chitunda njinga ili m'giya yothamangira. Yakale ija inkaluma pang'onopang'ono, komatu inkakoka boti lodzaza ndere zonyowa za m'nyanja, zija anthu amadya, osadandaula.

"Yakale ija ili kuti?"

"Ili pakhoma kulesitilanti kwa mlamu wanu, alendo amajambulitsa nayo. Inu musade nkhawa. Mafupa a anthu awiri angalemere bwanji?"

Chaka chimenecho, pa kalendala yamakolo, chinali ndi mwezi wowonjezera, uja amati mizimu siyang'ana, moti munthu ukhoza kufukula manda osaputa tsoka. Pachilumba anthu anali atatha. Sukulu inatsekedwa kalekale, sitima inasiya kuimapo, ndipo Chun-bae, yemwe anakakamira mpaka mawondo kukana, nayenso anali atasamukira kumtunda. Kunatsala makolo awo okha, m'manda paphiri. Okumba omwe Chun-bae anabwera nawo anawafukula dzuwa lisanakwere, anathira mowa pansi, mafupa n'kuwakulunga m'mapepala oyera. Bambo m'kabokosi kawo, mayi m'kawo. Mkulu woona masiku amwayi anali atanena kuti akalowe m'nyumba yosungira mafupa ya kumtunda tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Chun-sik ataona okumba aja akutsika ndi mwala wa pamanda, ataupachika pamitengo, thukuta lili kamukamu, anagwira m'chiuno.

"Achimwene, chimenecho chikupita kuti?"

"Kwathu. Ndikauimika kuseri kwa nyumba."

"Mwala wakale amaukwirira pomwepo, aliyense amadziwa. Mwakalamba eti? Kapena mukufuna muzikayanikapo tsabola?"

"Iwe unali kusukulu mumzinda wa Mokpo ukudya mpunga woyera. Mwala uwu ndinakwera nawo phiri ndine, ndi msana uno, mvula ikugwa. Sindiusiya muno kuti uzikandidwa ndi nguluwe."

Chun-sik anatsonya, koma mkulu ndi mkulu. Anaugoneka chagada m'boti pamatayala akale, dzina la bambo likuyang'ana kumwamba. Boti linatitimira, madzi n'kufika pomwe sanafikepo. Okumba anapukusa mitu, nakwera boti lawo n'kumapita.

Atangochoka padoko zinadziwika. Chun-sik anakankha moto, injini inangobuula. Mphuno ya boti inaloza kumwamba, kumbuyo kunakhala pansi, ndipo ankayenda ngati akukoka chilumba chonsecho. Chun-bae anakhala pakati atafungatira timabokosi tiwiri tija. Akanamukalipira bwanji mng'ono wake, poti kupusa anagawana pakati?

Anafika pampata wa pakati pa zilumba mochedwa, madzi atayamba kale kuphwa monga nyanja yamchere imachitira tsiku ndi tsiku. Akamaphwa pamenepo amathamanga ngati mtsinje wosefukira, ndipo kumunsi kwake kuli miyala yakuda yomwe inadya maboti a anthu odziwa nyanja kuposa iwo. Injini inayamba kuliza kabelu kake kochenjeza kuti yatentha. Chun-bae anayang'ana mtengo wa paini wa pagombe, anadikira, anayang'ananso. Mtengo unali pomwepo. Kenako unayamba kupita kutsogolo.

"Tikubwerera m'mbuyo!"

"Ndikuona, sindine wakhungu!"

"Wonjezera moto!"

"Moto wake uti? Ndafikitsa kumapeto! Injini ikulephera kuzungulitsa pulopela, simukumva?"

Funde linalowera kumbuyo, madzi ozizira n'kufika m'akakolo. Chun-bae anakweza timabokosi pachifuwa. Kutembenuka sikukanatheka, boti lolemera chonchi likanapereka nthiti kwa madzi n'kugadabuka. Linalowanso funde lina.

"Achimwene." Chun-sik sanakuwe ulendo uno. Milomo inali itayera. "Achimwene, mwala."

"Khala chete."

"Ndalakwa ndine, ndavomera, mukandimenye kumtunda. Koma sankhani. Mwala kapena bambo ndi mayi."

Chun-bae anamuda mng'ono wake nthawi imeneyo, kumuda kwenikweni, ndi pulopela yake yonyezimira, ndi lesitilanti ya mkazi wake yomwe. Anadzidanso yekha. Anavula jekete, anakulungamo timabokosi, n'kutilowetsa m'kabati ya kutsogolo komwe kunali kouma.

Chun-sik anamangirira chiwongolero ndi chingwe. Mitengo ija okumba anaisiya m'boti anailowetsa pansi pa mwala, amuna awiri a imvi, akuterereka m'madzi, akutukwana. Mwala unakwera m'mphepete mwa boti, unaima kaye ngati ukukana, boti n'kupendekeka mpaka madzi kukhuthukiramo.

"Bambo, musadzidzimuke," anatero Chun-bae, monga ananenera m'mawa khasu lisanagunde manda. "Musadzidzimuke, bambo."

Anakankha.

Pogwa mwala unatembenuka. Kumbuyo kwake, komwe amalembako ana a malemu, kunayang'ana kumwamba, ndipo Chun-bae anaona dzina lake, la mng'ono wake lili pambali, akutsika limodzi m'madzi obiriwira. Anawerenga mpaka zilembo zinasungunuka.

Pomwepo injini inatsokomola n'kuyamba kuyimba. Mphuno inagwa, boti linadzuka pamwamba pa madzi n'kuthamanga, liwiro lija alendo a Loweruka amaliombera m'manja. Chun-bae anagwa chagada, anadzuka n'kukwawira kumbuyo.

"Chepetsa! Ndione pamene wagwera, chepetsa iwe!"

Chun-sik sakanachepetsa asanatuluke pampata, ndipo sanachepetse. Ankalira poyera, mamina ali chuchuchu, maso ali kutsogolo. Chun-bae anafunafuna chizindikiro, thanthwe, mtengo, chilichonse choti adzalozere adzukulu kuti ndi apa. Boti linali litapita kale kutali, ndipo madzi ankaoneka chimodzimodzi paliponse.