Chiwongolero Chouma

"Pindani kumanzere," anatero Zikhale, mutu uli m'boneti. "Pang'onopang'ono, Naphiri. Simukupotokola khosi la nkhuku."

"Nkhalamba yanuyi ikukana, bambo a Jenifa," anayankha mkazi wake ali pampando wa dalaivala, manja onse atakakamira chiwongolero. "Mwina nayonso sikufuna kusamuka."

Vaniyo inalidi nkhalamba. Zikhale anaigula kwa mmwenye wina wa ku Old Town utoto utasupuka kale, ndipo ankanyamulira kabichi ndi mbatata za amalonda kupita ku Msika wa Lilongwe. Koma m'mawa umenewo inali itasenza nyumba yawo yonse, malata, zitseko, bedi, ngakhale mtondo. Mudzi wa kwawo kwa Naphiri, kumene Zikhale anali pa chikamwini, unagwera m'malo omangapo likulu latsopano lochokera ku Zomba. Anzawo anali atapita kale kumalo amene boma linawapatsa. Pamudzipo panangotsala zipupa zopanda madenga ndi zikhomo za oyeza malo.

Chiwongolero chinali chitalimba kwa nthawi ndithu, ndipo Zikhale sanafune kuyenda nacho choncho pamsewu wa mabampu, katundu ali tho. Anakweza matayala akutsogolo ndi jeke, napukuta bokosi la chiwongolero ndi nsanza, namasula bawuti yapamwamba. M'kati munali mouma gwa. Oyilo yense anali atadontha. Anasakaniza girisi ndi oyilo m'chitini kuti zilimbeko zisadonthenso, nayamba kuthira pang'onopang'ono.

"Kumanja tsopano."

Chiwongolero chinalira, kenako chinayamba kumvera.

"Ndapeza ntchito," anatero Naphiri.

Boneti inali pakati pawo, moti sankaonana nkhope.

"Ku Area 11. Banja lina lochokera ku Zomba likufuna wochapa ndi kuphika. Kuseri kwa nyumba kuli kachipinda. A Enifa a kutchalitchi aja ndiwo anandilankhulira."

Oyilo anatayikira padzanja la Zikhale, n'kuyenderera mpaka m'chigongono.

"Munaganiza liti zimenezi?"

"Tsiku limene anabwera oyeza malo."

"Ndiye ine mukundiuza lero, chingwe nditamanga kale?"

"Ndikanakuuzani kale mukanandinyengerera, ine n'kuvomera."

Sanafunse chifukwa, pakuti ankachidziwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Jenifa, anamwalira ndi chikuku m'dzinja lapitalo, ndipo anagona m'kankhalango ka manda kutsidya kwa dambo. Oyeza malo anati mitengo ya pamanda saikhudza, nyumba zidzangoizungulira.

"Pawindo la khitchini yawo mitengo ija ikuoneka," Naphiri anapitiriza. "Ndinaima pamenepo, ndinaiona."

"Madzi akatayika sawoleka, Naphiri. Inenso anali mwana wanga."

"Ndikudziwa. Koma inu mumalowa pansi pa galimoto n'kutuluka dzuwa litapendeka. Ine ndilowe pansi pa chiyani? Mwana uja ankalira ndikangopita kuchitsime. Ndiye lero mudzi wonse umuchokere?"

Zikhale anaika chitini pansi, nazungulira mpaka pawindo. Mkazi wake sankalira. Ankangoyang'ana kutsogolo, manja akadali pachiwongolero.

"Nanga ine?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndinafunsa. M'kachipindamo salola mwamuna."

"Amayi anu akudikira denga kumalo atsopano kuja. Mvula ili pafupi. Sindingatsale."

"N'chifukwa chake sindinakuuzeni kuti tsalani."

"Ndikawauza chiyani?"

"Mukanene kuti ndili ndi mdzukulu wawo. Akamva."

Zikhale anafuna kukalipa, anafuna kunena kuti banja siliyenda choncho, koma mkwiyo sunabwere. Anabwerera kutsogolo, namanga bawuti ija, natsitsa jeke, natseka boneti. Anasamba m'manja ndi palafini ndi mchenga kwa nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Bedi mutenga?"

"Silingalowe. Mphasa ikwana."

Naphiri anasunthira kumpando wina, Zikhale n'kukhala pachiwongolero. Anadutsa pakati pa zipupa za anzawo mpaka analowa mumsewu watsopano wa phula, wonunkhabe, umene Zikhale anali asanaupondepo. Mbali zonse kunali nyumba zikuluzikulu zotalikirana, zina akuzipaka laimu, zina zili kale ndi makatani.

"Apa," anatero Naphiri.

Zikhale anamasula chingwe kumbuyo, natsitsa mphasa, ndowa ndi kamtolo ka zovala. Anawonjezapo bulangete lawo lalikulu. Naphiri analiyang'ana, koma sanalikane. Zikhale anamusenzetsa zonsezo pamutu.

Mlonda wachikulire anatsegula geti pang'ono, nayang'ana vani ndi malata ake, nayang'ananso awiriwo.

"Antchito amadzera kuseri, mayi. Kodi mukulowa nonse?"

Naphiri anatembenuka n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Ayi, abambo," anatero Zikhale. "Ine ndangoperekeza."

Anaima pamsewupo mpaka geti linatsekedwa, kenako anayamba kumanganso chingwe.