Mchira wa Sitima ya a Rula

Mu ofesi ya mapulani onse ankawatchula a Rula, poti rula sinkachoka m'thumba la malaya awo, ngakhale pamaliro. Zaka zitatu anakhala akujambula njanji ya katundu yekhayekha, makilomita mazana asanu ndi anayi, kuchokera kumigodi mpaka kudoko. Lachisanu komiti inkayenera kuivomereza kapena kuiponya m'kabati, mmene munagona kale njanji zina ziwiri.

Lachitatu apongozi awo aamuna, amene anayendetsa sitima mpaka kupuma ntchito, anafika kuti awaperekeze kwa dokotala wa maso. Podikira, anasuzumira mapu amene anayalidwa pa matebulo atatu.

"Musakhudze, bambo," anatero a Rula. "Izi n'zovuta kumva."

"Eya, n'za ophunzira. Njanjiyi ndi imodzi?"

"Imodzi. Sitima zikakumana, ina imapatukira pambali apa. Malo oterewa alipo khumi ndi awiri, ndaika ndekha."

"Mabogi angati sitima yanuyo?"

A Rula anakonza tayi. "Zana limodzi. Yotere sinaonekepo."

"Nanga popatukirapa pakwana angati?"

A Rula anatulutsa rula, nayeza. Anayezanso. Kenako anaitembenuza, ngati kuti mbali inayo inali yachifundo. Pankakwana mabogi makumi asanu ndi limodzi, muyeso umene anakopera m'buku la sitima zonyamula anthu.

"Ndiye mutu ulowa, mchira utsala panjira," anatero mkuluyo. "Madalaivala awiri aziyang'anana pakati pa tchire mpaka ndevu. Koma musandimvere, maso angawa ndi odwala."

Kwa dokotala apongoziwo anapita okha, pa basi. A Rula anavula jekete, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu a mu ofesimo anawaona akubwereka chofufutira. Masiku awiri anatalikitsa malo onse khumi ndi awiri, ena kuwasuntha chifukwa cha milatho.

Lachisanu anauza komiti kuti nkhani ya mchira inawabwerera atafunsa katswiri wakunja. Sananame kwenikweni: apongoziwo anali panja, pa benchi, ndi magalasi atsopano. Komiti inavomereza.

"Ndikupatseni chiyani, bambo?" anafunsa a Rula potuluka.

"Mpando pa ulendo woyamba."

"Ndi ya katundu yekhayekha."

"Mundilembe thumba la simenti. Koma bogi yomaliza, mwananga. Ndikufuna ndikaone ndekha kuti mchira walowa."