Waya Wofiira

Chitopa chitasesa nkhuku kwa Lundu, Clotilda anatsala ndi mazira okha a thadzi lomaliza. Nkhukuzo zinali za malemu mwamuna wake Humphrey, zija zopanda nthenga m'khosi, zomwe ankazinyadira kuposa ntchito yake ya zamagetsi ku esiteti ya nzimbe. Mazirawo akanapanda kuswa, mtundu wa nkhuku zake ukanathera pomwepo.

Humphrey anasiya makina oswera mazira omwe anapanga ndi firiji yakale: batire ya sola, babu lotenthetsa ndi kaubongo kochepa ngati chikhadabo koyendetsa zonse. Pakagalasi pankaoneka nambala ya kutentha. Anali ndi chizolowezi chomwe chinkakwiyitsa mkazi wake. Dzuwa likabwerera pambuyo pa mitambo, ankazula waya wofiira, makina n'kuti zii, kenako n'kuubwezera. Akafunsidwa ankangoseka. Amuna ena kufotokoza amakuona ngati ntchito ya thangata.

Mazira ali m'makina, kunachita mitambo masiku angapo, batire n'kuyamba kufooka. Clotilda analumbira kuti chinthu chomwe anayatsa mwamuna wake sichizima iye ali moyo. Anachotsa wailesi, anachotsa babu la m'nyumba, mphamvu yonse ipite kumazira. Kagalasi kanangozilala koma sikanazime, ndipo dzuwa litatuluka nambala inali yomwe ija yabwino. Mtima wake unakhala pansi.

Tsiku loswa linadutsa popanda kulira kwa mwanapiye. Anaitanitsa Witness, mng'ono wa malemu, wokonza mafoni. Witness anapisa dzanja m'makina.

"Alamu, muno mwazizira kalekale."

"Nanga nambalayo?"

"Yangouma pamenepo. Kaubongo aka magetsi akathima kamodzi, kamadzuka bwinobwino. Koma akamatsika pang'onopang'ono kamasokonezeka, kugona osagona. Mphamvu ikabwera sikadziwa poyambira. Achimwene ankafuna kuikapo kachipangizo kokazimitsa batire ikafooka, kudwala kuja kunawapezerera. N'chifukwa chake ankazula waya."

Anatambasula dzanja kuti auzule. Clotilda anamugwira pamkono.

"Musatero, alamu. Achimwene anu anayatsa okha."

"Ndikudziwa."

Anamusiya, n'kuyang'ana kukhoma. Makina anati zii. Waya utabwerera, nambala inatsika n'kunena zoona, babu linayaka, kutentha n'kuyamba kukwera ngati palibe chachitika. Ntchito ya kamphindi chabe, yomwe ndi mwana yemwe akanaitha. Zinamuwawa Clotilda mpaka m'mafupa.

Witness anati akakwirira yekha mazirawo, koma Clotilda anakana. Anatenga limodzi, nakhala pakhonde, n'kuliswa pang'onopang'ono ndi chala. M'katimo munali kamwanapiye kathunthu, kamlomo ndi timiyendo, katadzipinda.

M'khosi munalibe nthenga.

Chiikireni maliro, Clotilda anali asanalirepo mokweza. Analira tsiku limenelo, babu likuyakira mazira akufa.