Opaleshoni Yaing'ono ya Winfrida

Thokozile anapinda pepala la kuchipatala kanayi n'kulilowetsa pansi penipeni pa chikwama, kunsi kwa zitenje ndi sopo. Mng'ono wake Winfrida anangokhala pabedi n'kumamuyang'ana. Analibe mphamvu zotsutsana ndi munthu. Zaka ziwiri zotaya magazi zinali zitamuyeretsa m'maso ndi m'zikhatho, moti ngakhale anzake ogulitsa nawo nsomba pamsika wa ku Nangongwe anali atasiya kumuseka kuti wayamba mafuta oyeretsa khungu.

"Iyi pepa basaione ba mulamu," anatero Thokozile. "Wamvera, Wini?"

"Koma ba sisi, dokotala anakamba ati nibwere na bamuna banga, abauze vonse."

"Dokotala ndiye anakwatiwa kuli ba Wence? Akasiliza kukucheka azayenda ku nyumba kwake kukadya. Wamene azasala na chikwati ni iwe."

Dokotalayo anali atanena mosapita m'mbali. M'chiberekero cha Winfrida munali zotupa zambiri, china chachikulu ngati papaya, ndipo njira inali imodzi yokha, kuchotsa chiberekero chonse. Anamupatsa mapiritsi owonjezera magazi oti amwe kwa milungu itatu, anamuuza kuti adzagone ndi njala tsiku loti mawa lake ndi opaleshoni, ndipo anabwereza kawiri konse kuti akadzatuluka, milungu isanu ndi umodzi asadzanyamule chilichonse cholemera kuposa ketulo.

Koma Thokozile sanali munthu womutsutsa wamba. Anali mlangizi wotchuka, akwatibwi ambiri a mu Kafue anadutsa m'manja mwake, ndipo ankalankhula za amuna ngati kuti anawaumba ndi iyeyo.

"Mwamuna ni mwana, sumuonesa pamene ubisila shuga," anapitiriza. "Waibala Ireen wa ku Estates? Nayeve banamuchosa chibaliro, anaulula vonse monga alapa kuli bansembe. Mwezi usanasile, banzake ba mwamuna ku bawa bayamba, ati iwe manje ugona na mwamuna munzako. Lelo Ireen ali kuti? Agulisa vitumbuwa pa siteshoni, eka. Iwe kamba chabe ati ni ka chotupa."

Winfrida ankamudziwa Ireen, ndipo mantha anamugwira. Winfrida ndi mwamuna wake Wenceslaus anali ndi ana atatu, onse aakazi. Wamkulu, Olivia, ankagwira ntchito ku Ndola, awiriwo anali kusukulu yogonera komweko. Kwa zaka zonsezi Wenceslaus sankasiya nthabwala yake ya mwana wamwamuna yemwe anali asanabwere, yemwe anamutchuliratu dzina loti Juniya. Anthu ankaseka, Winfrida nayenso ankaseka, koma mumtima ankati pali utsi pali moto.

Madzulo ake Wenceslaus anabwera kuchokera kufakitale ya feteleza komwe ankakonza makina. Anakhala pakhonde n'kuyamba kumasula nsapato zake zolemera zija, ndipo Winfrida anagwada pambali pake n'kunena bodza lake maso ali pansi.

"Ni ka opaleshoni kang'ono chabe, batate bake Olivia. Bachosa ka chotupa na kusoka. Mawiki yabili ninshi nachila."

"Nitenge livu nikusamaleni?"

"Iyayi, sungani ya Khisimisi mukaone bamayi ku Lundazi. Ba sisi baliko."

Wenceslaus anamwetulira. "Chabwino. Koma mubauze madokotala bapyange mushe mukati umo, Juniya akapeze nyumba yoyera."

Winfrida anaseka nawo, ndipo kuseka kumeneko ndi komwe kunatseka pakamwa pake. Akanakhala kuti sanaseke, mwina akananena zoona tsiku lomwelo.

Opaleshoni inayenda bwino. Papepala lovomereza, pamalo a wachibale, anasaina ndi Thokozile, chifukwa mwini nyumba anali pashifiti monga momwe Winfrida anamupemphera. Patapita masiku anayi Winfrida anabwerera kunyumba akuyenda chowerama, dzanja lili pamimba, bala lake lalitali kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Thokozile anasamukira momwemo. Ankaphika, kuchapa, kumusambitsa, ndipo Wenceslaus akafuna kuona balalo ankamubweza mwaulemu kuti za azimayi n'za azimayi.

Vuto la bodza n'loti lili ngati chitenje chachifupi, ukafunda kumutu miyendo imakhala pamtunda. Anali atanena milungu iwiri, ndipo milungu iwiriyo inatha. Thokozile sakanapitiriza kukhala popanda mlamu wake kuyamba kufunsa mafunso, komanso kwake kunali akwatibwi awiri omudikira.

"Uzionekela monga wachila," anamunong'oneza akutsanzika. "Koma volema osanyamula."

Malangizo ake anali ngati kuuza munthu kuti asambe koma asanyowe. Winfrida anangovomera.

Tsiku lomwelo Wenceslaus anapeza mkazi wake atavala bwino, atamanga duku latsopano, akusankha nyemba pakhonde. Anasangalala kwambiri.

"Ehe, manje nyumba yabwelelamo. Bamake Olivia, nayewa manzi yanu ya ku bafa. Yanga nikatenthesa neka, olo yazizila monga ya mu mtsinje wa Kafue, olo yapya monga nifuna kusosola nkhuku."

Ankangocheza, koma kwa Winfrida mawuwo anali mayeso. Kuyambira tsiku lomwe analowa m'banja, zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, madzi osamba a mwamuna wake ankatenthetsa ndi iye, kukawatula kubafa ndi iye, kenako n'kudzagwada kunena kuti madzi apita. Alangizi anamuphunzitsa kuti mkazi wamoyo amadziwika ndi ndowa imeneyo. Mkazi amene wangochotsedwa kachotupa, milungu iwiri n'kutha, akanaisiya bwanji?

Kutacha anadzuka mwakachetechete. Pampopi panalibe madzi monga mwa masiku onse, ndiye anatunga a mumgolo pang'onopang'ono ndi jagi, n'kuwatenthetsa pambaula. Mpaka apo zonse zinali bwino. Anathira mundowa yaikulu ija, anayesa ndi chigongono, n'kuima kuiyang'ana. Bafa linali kuseri kwa nyumba, mapazi osakwana makumi awiri. Anaganiza zonyamula theka kawiri, koma anamva mwamuna wake akutsokomola kuchipinda, ndipo anachita manyazi kuti amupeza akuyenda ndi timadzi ta m'jagi ngati nkhalamba. Anagwira ndowayo ndi manja awiri n'kuinyamula.

Ali pakati pa njira anamva china chake chikung'ambika m'mimba ngati nsalu yakale. Sanakuwe. Anaifikitsa ndowayo kubafa, anabwerera, anagwada pakhomo la chipinda n'kunena kuti madzi apita. Wenceslaus anasamba akuimba nyimbo ya kwaya. Potuluka, thaulo lili pakhosi, anapeza mkazi wake atakhala pasitepe, atatsamira khoma, chitenje chonse chili magazi.

Davison, neba wawo woyendetsa takisi, ndi amene anawathamangitsira kuchipatala. Anesi atamulowetsa Winfrida mkati, nesi wachikulire anatuluka n'kupeza Wenceslaus ataima pakhonde lodzaza ndi anthu, akadali ndi patapata wa kubafa.

"Ndimwe bamuna bake? Anachita chani kuti bala isegukile so?"

"Ananyamula chabe manzi yanga yosamba."

Nesiyo anagwira m'chiuno. "Imwe batate, mulibe chifundo? Munthu tamuchosa chibaliro chonse mawiki yabili yapita, imwe mumupasa ndowa? Manja yanu yanayenda kuti?"

Azimayi omwe anali pabenchi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kupatapata, wina n'kutsonya.

"Chibaliro?" anafunsa Wenceslaus motsitsa mawu.

Nesi uja anamuyang'anitsitsa, ndipo nkhope yake inasintha. Anazindikira kuti bamboyu akumva koyamba. Anamugwira pamkono n'kupita naye m'kachipinda kapambali.

Winfrida anasokedwanso, anaikidwa magazi, ndipo anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Wenceslaus anatenga livu yonse ija ya Khirisimasi. Ankabwera m'mawa ndi phala, masana ndi chiwindi chophika yekha, ndipo ankamuthandiza kutembenuka mosamala ngati wanyamula mazira. Za chiberekero sanatchule ngakhale kamodzi. Kukhala chete kumeneko kunkamupweteka Winfrida kuposa bala, moti ankalakalaka akanangomukalipira zithe.

Atabwerera kunyumba, tsiku lina masana Wenceslaus akuyanika zovala zomwe anachapa, Winfrida anamuitana.

"Batate bake Olivia, nikhululukileni."

Wenceslaus anamaliza kuyanika chitenje chomwe chinali m'manja, anapukuta manja m'buluku, n'kudzakhala pampando.

"Bangati banaziba?"

"Ba sisi."

"Beka?"

"Na Olivia. Na bazimai ba mu gulu yathu ya ku chalichi, benze kunipemphelela."

"So Kafue yonse yenze kupemphelela chibaliro cha mu nyumba mwanga, ine nili mu kuimba ku bafa." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Muziba vamene bakamba ku nchito? Ati Wence anafuna kupaya mukazi na ndowa. Sinibayankha. Nizakamba ati chani, ati sinenze kuziba? Iyo ndiye nsoni yopambana."

"Nenze na mantha. Mumakamba lyonse za Juniya."

"Juniya?" Anamuyang'ana modabwa kwenikweni. "Bamake Olivia, nili na zaka fifite-thu. Mutu wayera. Mwana wa mu manja ningamupeleke kuti? Nenze kuseka chabe, chifukwa imwe mwenze kuseka. Nenze kuganiza ati ni nthabwala yathu tonse babili."

Winfrida analira, ndipo analira mogwira pamimba chifukwa ngakhale kulira kunkakoka ulusi. Ankalirira zaka zonse zomwe ankasekerera chinthu chomubaya, osanena ngakhale tsiku limodzi kuti chikumubaya.

"Chibaliro chinagwila nchito yake, chinatipasa bana batatu," anatero Wenceslaus. "Icho sichinibaba. Chamene chinibaba ni chakuti zaka zonse izi mugona pambali panga, mumaniona monga munthu wamene angakusiyeni pa siteshoni. Sembe munafa pa sitepe paja, nenze kuzamvela pa malilo."

Anadzuka n'kubwerera kuzovala zake.

Loweruka Thokozile anabwera ndi nthochi ndi botolo la maheu. Anali atafota, ulangizi wonse utathera panjira. Anagwada patali ndi mlamu wake n'kuyamba kufotokoza kuti iye ankangofuna kuteteza banja, poti banja ndi kupirira ndipo akulu anati zina n'zosaulula.

"Bakulu bakambanso ati wobisa matenda, malilo yazamuulula," anayankha Wenceslaus mofatsa. "Yanasala pang'ono. Nkhalani pa mupando, ba mulamu, nikupangileni tiyi."

Anamupangiradi tiyi, anamuikira ndi buledi, kenako anatuluka kukakhala kwa Davison mpaka mlendoyo atapita. Thokozile tiyiyo sanamumalize.

Milungu inadutsa, thupi la Winfrida linayamba kubwerera. Magazi anasiya, m'maso munafiira, anayamba kuyenda mowongoka mpaka kumsewu ndi kubwerera. Kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri ankatha kukhala pampando wa eni ake popanda kuyang'ana kumbuyo podzuka. Akanayenera kusangalala. Koma m'nyumba munali mutalowa ulemu wambiri, ulemu wa anthu okumana m'basi. Wenceslaus ankamufunsa ngati wamwa mankhwala, ngati wadya, ngati akufuna kanthu kumsika. Nthabwala zokha ndi zomwe zinatha, ndipo Winfrida anazindikira mochedwa kuti mwamuna wake ankamukonda kudzera m'nthabwala zomwezo.

Tsiku lokaonedwanso ndi dokotala anapita limodzi. Wenceslaus ananyamula chikwama, anamusungira mpando wakutsogolo m'minibasi, ndipo potsika anamugwira dzanja. Pabenchi ya kuchipatala anakhala moyandikana kwa ola lathunthu. Winfrida anali atakonza mumtima kuti lero dokotala alankhule onse awiri akumva, mwamuna wake afunse chilichonse chomwe akufuna, pasakhalenso pepala lopindidwa.

Nesi anatsegula chitseko n'kuitana dzina lake. "Na bamuna banu bangangene," anawonjezera.

Winfrida anaimirira n'kugwira mkono wa malaya a Wenceslaus. "Tiyeni tingene tonse."

Wenceslaus anayang'ana dzanja lomwe linamugwiralo. Sanalichotse mwaukali. Analigwira bwinobwino, n'kuikamo khadi la kuchipatala.

"Ngenani, bamake Olivia, nizakulindilani pano," anatero. "Mukachoka muzaniuza vamene mufuna nizibe."

Winfrida anaima pomwepo kwa kanthawi, koma nesi anali atagwirizira chitseko ndipo pambuyo pake panali mzere wa anthu. Analowa yekha.